Ku Mua amasunga mbiri ya obwera

Ukatsika Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti, makutu ali gwa, chimene umayamba kuona ndi fumbi, milambe ndi amalonda a pamphambano. Palibe chikwangwani chokuuza kuti chigwa chimenechi chinali likulu la ufumu. Komatu kumpoto pang'ono, kufupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, kumene Kalonga wa Amaravi ankakhala. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Anthu amene ena ankati analibe mbiri ankachita malonda ofika kunyanja yamchere.

Aliyense kuno ndi wobwera, kusiyana kwake n'kwakuti wina anafika m'mawa, wina madzulo. A Banda ndi a Phiri amati anachokera ku Uluwa, ndipo anapeza Akafula. Ayao anabwera ndi malonda kuchokera kum'mawa. Angoni a Maseko anakhazikika ku Domwe, ndipo nkhondo ya pachiweniweni itawagawanitsa, gulu la Kachindamoto linatsikira kuchigwa, kumene ufumu wake uli mpaka lero. Omaliza anali ansembe a White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe.

Ansembewo ndi Nyau sankamwerana madzi. Mishoni inkafuna ana kusukulu ndi kukatekisimu, dambwe linkawafunanso, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula mpaka kufika kwa atsamunda. Wolowa gule ankaonedwa ngati wotayika.

N'chifukwa chake zimene zinachitika pambuyo pake zimadabwitsa. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anafika m'dziko muno mu 1967, anayambitsa malo a Kungoni pa Mua pomwepo mu 1976, poyamba ngati pophunzitsira osema ziboliboli. Anaphunzira chinenero, anakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, analemba nyimbo ndi matanthauzo a zilombo, mpaka anthu anamupatsa mfunda wakuti Chisale. M'ntchito imeneyi ndi mmene munabadwa nyumba yosungiramo zakale ya Chamare. Dzinali ndi mmene anthu ankatchulira Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene anatumikira pa Mua.

Nyumbayo si yaikulu. Kunja kwake kuli zithunzi zojambula pakhoma zofotokoza mbiri ya derali. Mkati muli zipinda zitatu: china cha mbiri ya mishoni, china cha Angoni ndi Ayao, ndi china cha Achewa. Cha Achewachi ndicho chimaimitsa munthu. Nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400 zimakuyang'ana, zambiri zitapachikidwa pa mtengo wopangidwa pakati pa chipinda. Muli Chadzunda, muli Maliya, muli ndi nkhope za azungu ofiira. Apa ndi pamene ndimaona kuti Achewa anali nayo kale njira yawo yosungira mbiri: mlendo aliyense wofika m'chigwa muno ankamusema, n'kumuvina pabwalo.

Funso limene silitha ndi lakuti, kodi chilombo chochokera kumanda chipachikidwe pakhoma kuti aliyense, wometa ndi wosameta, azichiona? Alipo amene amati kumeneko n'kuulula za kudambwe, ndipo mawu awo si opepuka. Koma nkhope yamtengo chiswe sichiileka, ndipo nkhalamba yodziwa nyimbo yake ikapita, nyimboyo imapita nayo. Bungwe la UNESCO pamene linkalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, pa Mua anali atasonkhanitsa kale nkhopezi kwa zaka zambiri.

Ana a sukulu amabwera pa mabasi kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndimalakalaka akanamatengedwanso kupita ku Mankhamba, pamtunda wochepa chabe, akaponde pamene Kalonga ankaweruzira milandu.