Amithenga a Chitetezo cha Thupi ndi Nthenda ya Kuiwala

M'chaka cha 1906, pamene dokotala Alois Alzheimer anaimirira pamaso pa anzake mumzinda wa Tübingen nafotokoza za ubongo wa mayi amene nzeru zinamthawa asanakalambe, ndi owerengeka okha amene anatchera khutu. Ngakhale Pío del Río Hortega wa ku Madrid anaonetsa mu 1919 timaselo ta microglia, timene ndi alonda a ubongo, akatswiri anakhala zaka zambiri akukhulupirira kuti ubongo ndi malo opatulika kumene nkhondo za chitetezo cha thupi sizifika, ndipo maso awo anangoti dwii pa zibuma za amyloid, zimene zimaunjikana mu ubongo wa odwala.

Kunali mu 1989 pamene Sue Griffin ndi anzake ku Arkansas anapeza kuti interleukin-1, mmodzi wa amithenga amene maselo amatumizirana poitanira kutupa, anali wochuluka mu ubongo wa odwala nthenda ya kuiwala imene Alzheimer anafotokoza ija. Posakhalitsa Patrick McGeer wa ku Vancouver anaona kuti odwala nyamakazi, amene amamwa mankhwala oletsa kutupa masiku onse, sagwidwa kawirikawiri ndi kuiwalako. Ambiri anayesa kuti chipulumutso chafika, komatu kuona maso a nkhono n'kudekha: ku America kuyesa kwa mankhwala oletsa kutupa a naproxen ndi celecoxib pa okalamba kunaimitsidwa mu 2004 poopa matenda a mtima, osaonetsa phindu.

Nkhaniyi inadzukanso mu 2013, pamene ofufuza a ku Iceland ndi ku London anapeza kuti chilema cha jini ya TREM2, yolamulira microglia, chimakulitsa ngozi yodwala nthendayi.