Dr. Moses Chirambo, Dotolo Woyamba wa Maso Wachimalawi

Nkhalamba ya ku Kaliyeka, ku Kawale kapena ku Biwi ikayamba kuona zinthu ngati zili m'nkhungu, abale sachedwa kugwirizana chochita: amaikweza minibasi kupita nayo ku Central, kumene kuli chipatala cha maso cha Lions. Ambiri mwa amene asonkhana pamwambo uno anayendapo ulendo umenewu, kaya podwala okha kaya poperekeza agogo. Komatu ulendowu ngwachilendo m'mbiri ya dziko lino. Makolo a m'badwo wa dzana ankalandira ng'ala ngati gawo la ukalamba, ndipo wogwidwa nayo ankapatsidwa ndodo ndi kamdzukulu komutsogolera. Mwa anthu amene anasintha zimenezi, dzina loyamba kutchulidwa ndi la malemu Dr. Moses Chirambo.

Malawi atalandira ufulu mu 1964, panalibe Mmalawi ngakhale mmodzi amene anali katswiri wa maso. Ntchitoyi inkagwiridwa ndi alendo, ena mwa iwo ochokera ku chipatala cha Hadassah ku Jerusalem, chimene pa nthawiyo chinkatumiza madotolo ake kumaiko angapo a mu Africa ndi kuphunzitsanso ana a maikowo. A Chirambo anasulidwa luso la maso kumeneko, nabwerera kwawo ali Mmalawi woyamba kukhala ndi ukatswiriwo.

Sanayambe ndi kudandaula za kuchepa kwa zipangizo. Anayamba ndi kufunsa chimene chikupha maso a anthu. Mu 1976 iwo ndi mnzawo David BenEzra anafalitsa zimene anapeza atapima ana 270 m'sukulu 17 zophunzitsa ana osaona. Zotsatira zake zinali zowawa kuzimva. Ambiri mwa anawo anachita khungu asanakwanitse zaka zitatu, ndipo oposa anayi mwa khumi alionse anataya maso chifukwa cha chikuku. Ena inali nthomba. Tanthauzo lake linali lakuti khungu la ana ambiriwo silinali lobadwa nalo, silinalinso tsoka losapeweka: katemera, chakudya chabwino ndi chithandizo cha msanga zikadawapulumutsa. Chikuku chikagwira mwana woperewera zakudya chimatha vitamini A m'thupi mwake, diso limauma ndi kuchita chilonda, ndipo chilondacho chikapola chimasiya chipsera choyera chotchinga kuwala mpaka kalekale.

Mu 1983 a Chirambo anali m'gulu la akatswiri, ena ochokera ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, amene anayenda mudzi ndi mudzi m'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Anapeza kuti munthu mmodzi ndi kupitirira mwa anthu 100 alionse anali wosaona, ndipo ng'ala ndiyo inali patsogolo pa zifukwa zake.

Apa ndi pamene panaonekera nzeru zawo zenizeni. Ng'ala imachira ndi opaleshoni yaifupi: kagalasi ka m'diso kamene kachita mbuu kamachotsedwa, ndipo wodwala amaonanso, kale mothandizidwa ndi magalasi okhuthala aja agogo ankavala, masiku ano ndi kagalasi kochita kupanga koikidwa m'diso momwemo. Vuto linali manja. Dotolo mmodzi, ngakhale atagona m'chipinda cha opaleshoni, sakadatha kufikira mamiliyoni a anthu, ndipo kudikira kuti dziko lisule akatswiri okwanira kukadatanthauza kusiya m'badwo wathunthu mumdima. Choncho m'zaka za m'ma 1980, mothandizidwa ndi bungwe la Royal Commonwealth Society for the Blind, limene tsopano limatchedwa Sightsavers, anakhazikitsa maphunziro a maso pasukulu ya zaumoyo ya ku Lilongwe, imene lero ili mbali ya Malawi College of Health Sciences. Kumeneko othandizira madotolo ankaphunzira kupima ndi kuchiza maso, ndipo ena ankapitiriza mpaka kudziwa kuchotsa ng'ala. Ophunzirawo sanali Amalawi okha. Maiko ena a m'chigawo cha SADC ankatumizanso anthu awo. Mzinda umene unangokhala likulu mu 1975, chipatala chake chachikulu nkutsegulidwa mu 1977, unasanduka kosulira ochiza maso a chigawo chonse.

Pankhani ya asing'anga, a Chirambo anachita zimene ophunzira ambiri a nthawi yawo sakadachita. Ankadziwa bwino kuti mankhwala ena odonthezera m'maso amaononga diso lomwe likadachira. Koma ankadziwanso kuti wodwala wa kumudzi amayambira kwa sing'anga, amene amamudziwa ndi kumukhulupirira. M'zaka za m'ma 1990 iwo, Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo ena analimbikitsa ntchito yokhala pansi ndi asing'anga a ku Chikwawa, kuwaphunzitsa kuzindikira ng'ala, kuleka kuika zinthu zoopsa m'diso ndi kutumiza odwala kuchipatala. Imeneyi inali njira yolemekeza chikhalidwe popanda kubisa zolakwika zake.

Kumapeto a moyo wawo analowa ndale. Mu 2009 anasankhidwa kukhala phungu wa dera la pakati m'boma la Rumphi, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawapatsa unduna wa zaumoyo. Sanakhalitsepo. Mu Ogasiti 2010 nduna zinasinthidwa, iwo osabwereramo, ndipo patangopita masiku owerengeka anamwalira ku South Africa.

Sanakhale ndi moyo kuti aone chaka cha 2022, pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda ija yopinda nsidze kuti zizikanda diso, ndipo anali dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kuchita zimenezi. Opaleshoni zambiri zowongola zikope zimene zinafikitsa dziko pamenepo zinachitidwa m'zipatala za m'maboma, ndi gulu lomwe lija la othandizira madotolo limene a Chirambo anayamba kulisula ku Lilongwe.