Mboni ya Pangano

Kuno ku Meluluca pangano sitipangana awiri okha. Mwini cilimila akamagwirizana ndi alovi za kagawidwe ka usipa, pamakhala wina womvera. Pa ukwati pamakhala ankhoswe, wa kucimuna ndi wa kucikazi. Banja likagwedezeka timathamangira kwa iwo, cifukwa mau oyamba aja anawamva ndi makutu ao.

M'caka ca 1882 William Percival Johnson, wansembe wa Anglican, anafika pa nyanja yino ndi mnzace Charles Janson, amene anamwalira caka comweco. Mu 1885 mishoni inakhazikika pa cilumba ca Likoma. Sitima yao inkayendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo ku Messumba kunakula mishoni ndi sukulu. Ankaphunzitsa kuti pa pangano liri lonse pali mboni yina yosaoneka, ndiye Mulungu. M'Baibulo muli nkhani ya Yakobo ndi mpongozi wace Labani. Anthu awiriwa sankakhulupirirana. Posiyana anaunjika miyala, naitana Mulungu kuti aziwayang'anira pamene iwo sakuonana. Kwa munthu wodziwa unkhoswe phunziro limeneli silibvuta. Mulungu ndi nkhoswe amene sakalamba, saiwala, ndipo sakondera mbali.

Koma eni ciphunzitsoco sanacitsate nthawi zonse. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire. Gombe lino linapita kwa Apwitikizi, Likoma ndi Chizumulu kwa Angelezi, cifukwa ca mishoni ija. Maiko onse awiri anali acikristu, koma makolo athu sanaitanidwe. Lero wopita kukaona abale ku Likoma akupita dziko lina.

Ufulu tinalandira pa 25 Juni 1975. Pasanapite nthawi nkhondo inabuka pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo. Midzi inapsa, minda inagonera, ndipo anthu ambiri a m'boma la Lago anathawira ku Likoma ndi ku Malawi. Ndani akanakhala nkhoswe pakati pa abale ophana?

Analowapo ndi atsogoleri a mipingo. Mu 1989 Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa Katolika, wa ku Beira, anali m'gulu limene linakumana ndi a Renamo ku Nairobi. Mu Julayi 1990 zokambirana zinayamba ku Roma, m'nyumba ya gulu lacikristu la Sant'Egidio. Amkhalapakati anali anai: Gonçalves, wansembe Matteo Zuppi, Andrea Riccardi ndi Mario Raffaelli. Analibe asilikali. Analibe ndalama zogulira munthu. Mphamvu yao inali ya nkhoswe basi: kumva mau a uyu ndi a uyo, kuwasunga, ndi kuwakumbutsa pamene wina afuna kuwadya. Zokambirana zinatha zaka ziwiri ndi miyezi itatu, uku kwathu anthu akufabe. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina.

Tisanene kuti pemphero lokha ndilo linagwira pangano limenelo. Kunabwera asilikali a United Nations, ndipo cisankho cinacitika mu 1994. Anthunso anali atatopa. Komabe mipingo siinaleke nchito ya unkhoswe. Kuyambira 1995 bungwe la mipingo yacikristu m'Mozambique, motsogozedwa ndi Sengulane, linkalandira mfuti ndi kupereka makasu, njinga ndi makina osokera.

Pangano lija linagwedezeka. Mu 2013 mfuti zinaliranso ku Sofala, ndipo mu Ogasiti 2019 Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade anasainanso lina ku Maputo. Ena m'kalasi mwathu amati apa paoneka kuti mboni yosaoneka ija siigwira munthu dzanja. Ena amayankha kuti nkhoswe naye sagwira dzanja, koma wophwanya mau amacita manyazi pamaso pace. Amene amakangana cotere ndi Akristu ndi Asilamu okhala pa benchi limodzi, ndipo ambiri a iwo anabwerera kumudzi kuno ndi bwato pambuyo pa 1992.