Galu Akasowa Mbuye ku Mphunzi

M'midzi yozinga phiri la Mphunzi, limene mapanga ake a zojambula za Akafula ndi Achewa anawerengedwa ndi UNESCO pamodzi ndi a Chongoni m'chaka cha 2006, galu sanali chiweto chongosangalatsa maso, koma mnzake wa mlenje pa uzimba ndi mlonda wa nkhokwe usiku. Ndipo popeza anali wantchito, kusiyana naye sikunali nkhani yopepuka.

Tsono pamene msonkho wa atsamunda unayamba kuthamangitsira amuna ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, ulendo wa ku Joniwo umene bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela linautsogolera kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown m'chaka cha 1974, mwamuna wopita kutheba, amene kawirikawiri anali mkamwini pamudzi pa mkazi wake, ankasiya galu m'manja mwa mlamu kapena mphwake, podziwa kuti kupatsa n'kuika, ndi kuti womlandirayo adzadya nyama yogwidwa ndi galuyo ndi kumgawirako mkute. Ine ndiyesa kuti unali mwambo wachifundo ndithu, pakuti mudzi wonse unali khola la wamasiye.

Nkhalango ya Chongoni itatetezedwa ndi boma, nyama n'kuchepa, galu anatsika ulemu. Bungwe la LSPCA, limene limalandira agalu osowa mwini, kuwabaya katemera wa chiwewe ndi kuwapezera mbuye watsopano, linakhazikitsidwa m'chaka cha 2008 ku Lilongwe, kutali ndi mlimi wa mbatata wa ku Mphunzi, amene kufikira lero amagogoda kwa mbale wake akafuna womsiyira galu.