Kandodo ka Anthu Anayi: Mbiri ya Liwiro la ku Jamaica

Kutali kumadzulo, patsidya pa nyanja yaikulu ya Atlantic, kuli chisumbu dzina lake Jamaica. Anthu ake sakwana mamiliyoni atatu, ndipo ambiri a iwo ndiwo zidzukulu za anthu a ku Afirika amene anagwidwa ukapolo, natengedwa m'zombo kukalima nzimbe. Ukapolo unatha komweko m'chaka cha 1838, koma dzikolo linakhalabe m'manja mwa Angerezi kufikira pa 6 Ogasiti 1962. Tifuna kukufotokozerani, abale, za chinthu chimodzi chimene chinatchukitsa mtundu waung'ono uwu pakati pa mitundu yaikulu, ndicho liwiro la anthu anayi olandizana kandodo.

Machitidwe ake ndi awa. Woyamba athamanga gawo lake ali ndi kandodo m'dzanja, nakapereka kwa wachiwiri onse awiri ali chithamangire, ndipo chomwecho kufikira wachinayi, monga amtengatenga akale analandizana thumba la makalata panjira. Kandodo kakagwa, kapena kakaperekedwa kunja kwa malo oikika, thukuta la onse anayi lapita pachabe. Chotero pa liwiro ili ulemu wa munthu aliyense uli m'manja mwa anzake atatu, ngakhale iye akhale waliwiro woposa onse.

M'chaka cha 1948 Jamaica anatumiza anthu ake koyamba ku masewera a Olimpiki, ku London. Arthur Wint, munthu wamtali amene anayendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri, ndipo pa nthawiyo analikuphunzira udokotala, anapambana liwiro la mamita 400, mnzake Herb McKenley nakhala wachiwiri. Iyi ndiyo inali mendulo yoyamba yagolide ya chisumbucho. Anthu anayembekezera ina pa liwiro la anthu anayi, yense mamita 400. Koma Wint ali pakati pa gawo lake, lachitatu, mnofu wa mwendo unamgwira, nagwa pansi, ndipo McKenley anadikira kandodo kamene sikanafike.

Zaka zinayi zitapita, mu 1952, anthu anayi omwewo, Wint, Leslie Laing, McKenley ndi George Rhoden, anakumananso ndi Amereka ku Helsinki, m'dziko la Finland. Pamene McKenley analandira kandodo, Mmereka Charles Moore anali patsogolo mamita oposa khumi, ndipo Moore sanali munthu wamba, pakuti anali atapambana kale golide pa masewera omwewo. McKenley, amene anakhala wachiwiri katatu pa Olimpiki osalawapo chipambano, anamtsata, namyandikira pang'onopang'ono, nampitirira pafupi penipeni ndi polandizana. Gawo lakelo analithamanga masekondi 44.6. Rhoden anasunga kampata kakang'onoko kufikira kumapeto. Nthawi yawo inali mphindi 3 ndi masekondi 3.9, imene panalibe anayi ena anaifikapo ndi kale lonse. Taonani, dziko lopanda mbendera yakeyake linagonjetsa mtundu wolemera koposa pa dziko lapansi, kutatsala zaka khumi kuti lidzilamulire. Msewu wopita ku bwalo lalikulu la masewera ku Kingston unatchedwa dzina la Arthur Wint.

Ena amati liwiro lotere nlobadwa nalo. Ife tiona kuti mbali yaikulu ndiyo ya sukulu. Kuyambira mu 1910 sukulu za ku Jamaica zimapikisana chaka ndi chaka pa msonkhano wotchedwa Champs, kumene mwana aphunzira kuthamanga pamaso pa khamu la anthu asanamere ndevu. McKenley mwini, atasiya kuthamanga, anaphunzitsa anyamata zaka zambiri pa sukulu ya Calabar, imene anaiyamba a mpingo wa Baptist. Ndipo kumpoto, m'chigawo cha Trelawny, kuli sukulu yokumbutsa William Knibb, mmishonale wa Baptist amene analimbana ndi ukapolo molimba mtima. Pa sukulu imeneyi ndipo panaphunzira Usain Bolt, mwana wa anthu osunga kasitolo m'mudzi wa Sherwood Content, wobadwa pa 21 Ogasiti 1986.

Za liwiro lake la yekha sitichulukitsa mawu, pakuti mbiri yake inafika ponseponse. Ku Berlin mu 2009 anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58, ndi mamita 200 m'masekondi 19.19. Pa 5 Ogasiti 2012 anapambananso mamita 100 ku London, ndipo m'mawa mwake Jamaica anakwanitsa zaka 50 za ufulu. Talingalirani chimwemwe cha tsiku lomwelo. Patapita masiku owerengeka Nesta Carter, Michael Frater, Yohan Blake ndi Bolt anathamanga yense mamita 100, natsiriza m'masekondi 36.84, nthawi imene kufikira Olimpiki ya mu 2024 panalibe anayi ena anaiposa. Pamene masewera a ku Rio de Janeiro anatha mu 2016, Bolt anali nazo mendulo zagolide 9 za Olimpiki, zitatu ku Beijing mu 2008, zitatu ku London, zitatu ku Rio.

Komatu pano mpamene nkhani ilowa m'minga. Oyang'anira masewera amasunga zimene anatenga m'thupi la othamanga kuti adzaziyesenso m'tsogolo, nzeru zoyesera zitakula. Atayesanso za ku Beijing, anapeza mwa Nesta Carter, amene anathamanga gawo loyamba, mankhwala oletsedwa otchedwa methylhexaneamine. Mu Januwale 2017 anagamula kuti onse anayi alandidwe golide wa mu 2008, ndipo ulemuwo unapita kwa a ku Trinidad ndi Tobago, amene anali achiwiri. Carter anachita apilo, koma mu 2018 bwalo linakana. Bolt, amene sanapezekepo ndi mlandu wotere, anabweza mendulo yake, natsala nazo 8.

Ambiri ku Jamaica anamva kuwawa, ndipo sitiwadzudzula. Nchopweteka kuti munthu alipire pa cholakwa chimene sanachichite. Koma tifunse: kodi kandodo kamene Bolt anakalandira ku Beijing kanadzera m'dzanja la yani? Sikanayambire kwa Carter kodi? Mpata umene Carter anaupeza pa gawo lake unalowa m'chipambano cha onse. Mtundu umene unaimba nyimbo chifukwa cha anayi pamodzi sungathe kuwalekanitsa tsiku la mlandu, ndipo a ku Trinidad nawonso anali ndi makolo ndi midzi imene inamanidwa chimwemwe chake zaka zambiri. Ife tiyesa chigamulocho cholungama, ngakhale chinali chowawa, ndipo tiona kuti Bolt anachita bwino kubweza mendulo wosakangana.

Liwiro lake lotsiriza linali la kandodo lomweli, pa 12 Ogasiti 2017, ku London, mzinda umene Wint anagweramo zaka 69 m'mbuyomo. Omar McLeod, Julian Forte ndi Blake anathamanga magawo awo, Bolt nalandira kandodo ali wachitatu. Atangoyamba kuwatsata am'tsogolo, mnofu wa ntchafu yamanzere unamgwira, natsimphina, nagwa. A ku Britain anapambana, khamu lawo nkufuula mokondwa. Anthu anadza ndi njinga ya odwala kuti amnyamule, koma iye anaikana. Anzake atatu aja anadza kwa iye, namuimiritsa, nayenda naye pang'onopang'ono kufikira anaoloka mzere wotsiriza. Mu Disembala chaka chomwecho anthu a ku Jamaica anaimika fano lake pa bwalo lalikulu la ku Kingston, m'mbali mwa msewu wa Arthur Wint.