Kuyeza mpweya wa m'kamwa pofufuza khansa ya m'mapapo

Kuyeza mpweya wa m'kamwa ndi njira imene akatswiri a zachipatala akhala akuifufuza kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pofuna kuzindikira khansa ya m'mapapo isanafalikire m'thupi. Munthu amauzira m'kachubu kapena m'kathumba, monga amachitira dalaivala amene apolisi apamsewu akumuganizira kuti waledzera, ndipo makina amasanthula zimene zatuluka. Kufikira lero njirayi sinavomerezedwe kuti zipatala ziziidalira pofufuza khansayi pakati pa anthu ambiri, ngakhale m'maiko olemera. Komabe nkhaniyi ndi yofunika kuti akuluakulu a zaumoyo m'maboma monga Dowa ndi Ntchisi aidziwe bwino, chifukwa madera oterewa ndi amene angapindule kwambiri njirayi ikadzatheka, komanso ndi kumene ingasokeretse anthu mosavuta.

Maziko a njirayi ndi akuti mpweya umene munthu amatulutsa umanyamula timankhwala tambirimbiri tochokera m'magazi ndi m'mapapo. M'chaka cha 1971 katswiri wa ku America, Linus Pauling, adapeza mitundu yoposa 200 ya timankhwalati mu mpweya wa munthu. Chotupa cha khansa chimadya ndi kukula mosiyana ndi mnofu wabwino, choncho kasakanizidwe ka timankhwalato kamasintha. M'chaka cha 1999 Michael Phillips ndi anzake adalemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti timankhwala 22 tinkathandiza kusiyanitsa odwala khansa ya m'mapapo ndi amene alibe. Patapita zaka khumi, mu 2009, gulu la Hossam Haick pa sukulu ya ukachenjede ya Technion ku Israel lidaonetsa kachipangizo konunkhiza kopangidwa ndi tizidutswa tating'onoting'ono ta golide. Nayo kampani ya Owlstone Medical ya ku Cambridge idayambitsa kafukufuku wotchedwa LuCID m'zipatala za ku Britain mu 2015.

Agalu nawonso adayesedwa. Pa kafukufuku wina wa ku Germany yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2011, agalu ophunzitsidwa adazindikira 71 mwa timachubu 100 ta mpweya wa odwala khansa ya m'mapapo. Izi zidatsimikiza kuti fungo lilipodi, koma galu sanganene chimene wanunkhiza, ndipo akatswiri sanagwirizanebe pa mndandanda umodzi wa timankhwala tosonyeza matendawa.

Chimene chimakakamiza ofufuza kulimbikira ndi kuopsa kwa khansayi. Malinga ndi nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yoona za khansa, m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mapapo ndipo 1.8 miliyoni adamwalira nayo, kuposa khansa ina iliyonse. Matendawa amakula mwakachetechete, ndipo zizindikiro zikamaoneka nthawi zambiri amakhala atafalikira kale. Njira imene idatsimikizika kuti imapulumutsa miyoyo ndi kujambula pachifuwa ndi makina a CT. Kafukufuku wa anthu oposa 53,000 osuta fodya kwambiri ku America adasonyeza mu 2011 kuti kujambulaku kudachepetsa imfa za khansayi ndi 20 pa 100 iliyonse. Koma m'dziko muno makina a CT amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, ndipo wodwala wa m'mapiri a Ntchisi kapena wa ku Mvera amayenera kutumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwenso kuli chipatala chachikulu cha boma cha khansa. Kachipangizo kouziramo, kamene mlangizi wa zaumoyo anganyamule pa njinga, kangathandize kusankha amene ayenera kuyenda ulendo umenewo.

M'kaundula wa khansa m'Malawi, khansa ya m'mapapo ili m'munsi kwambiri poyerekeza ndi ya khomo la chiberekero, ya kum'mero ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi. Chiwerengero chochepacho nchofunika kuchiwerenga mosamala, popeza kaundula amalemba okhawo amene adayezedwa nkupezeka nayo. Vuto lalikulu nlakuti khansayi imafanana ndi chifuwa chachikulu cha TB pafupifupi pa chilichonse. Kutsokomola kosatha, kuwonda, kulavula magazi, kupweteka pachifuwa ndi befu zimaoneka m'matenda onse awiri, ndipo ngakhale chithunzi cha X-ray chimatha kusokoneza dokotala. M'dziko limene TB ndi yofala, nzomveka kuti achipatala ayambe aganizira TB. Zimachitika m'maiko ambiri a muno mu Africa kuti wodwala amayamba mankhwala a TB a miyezi isanu ndi umodzi ngakhale makhololo ake sanaonetse kachilombo, ndipo khansa imadzaganiziridwa mankhwalawo atalephera.

Zoyambitsa khansayi sizisowa ku Dowa ndi ku Ntchisi. Maboma awiriwa ndi ena mwa odziwika pa ulimi wa fodya wa bale, ndipo amuna ena amapichira okha chingambwe chopanda sefa. Kusuta ndiko gwero lalikulu la matendawa padziko lonse, ndipo Malawi idalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Pali utsi wa m'khitchini umene amayi amapuma tsiku ndi tsiku, pakuti mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo m'mapiri ozizirawa moto umasonkhedwanso m'nyumba m'miyezi ya June ndi July. Akatswiri a WHO amauika utsi wa nkhuni m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa. Palinso madoda amene adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni m'nthawi ya Wenela ndi Teba, omwe adapuma fumbi la miyala kwa zaka zambiri.

Zinthu zomwezi ndi zimene zingasokoneze makina oyeza mpweya. Mpweya wa munthu umasintha malinga ndi chakudya, mowa, mankhwala amene akumwa, utsi umene wapuma ndi matenda ena a m'chifuwa. Kafukufuku wambiri adachitikira ku Ulaya, America, China ndi Israel, pakati pa anthu ophikira magetsi kapena gasi, ndipo nthawi zambiri ankayerekeza odwala odziwika kale ndi anthu athanzi. Kumeneko nkosavuta kuti makina aoneke olondola. Mayeso enieni ndi mayi wa ku Malomo amene wakhala pa utsi zaka 40, adadwalapo TB ndipo akumwa ma ARV. Makina amene angamalakwitse pa anthu otere angadzaze mzere wa CT ku Lilongwe ndi anthu opanda khansa, mabanja ataononga ndalama za fodya pa ulendo, pamene ena odwaladi abwezedwa kwawo atauzidwa kuti ali bwino.

Pakadali pano zida zimene zilipo m'maboma ndi X-ray ndi makina a GeneXpert oyeza makhololo. Wodwala wamkulu amene akutsokomolabe, makhololo ake osaonetsa TB kapena mankhwala a TB osamuthandiza, makamaka ngati adasutapo fodya kapena kugwira ntchito ku migodi, ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu popanda kudikira kuti miyezi isanu ndi umodzi ithe. Bungwe kapena kampani imene ingafike ku khonsolo ndi makina oyeza mpweya iyenera kuonetsa chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo ngati ndi kafukufuku, chivomerezo cha komiti ya National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo.