Mau Akuti "Chinese" m'Manyuzipepala a Kumadzulo: Mbiri ya Cithunzi Cimodzi, 1869 mpaka 2023

1.0 Mau Oyamba

Pa 19 Meyi 2014, boma la America linalengeza kuti laimba mlandu asilikali asanu a gulu lankhondo la China. Linati anthuwo, ali ku Shanghai, analowa mwakuba m'makompyuta a makampani monga Westinghouse, Alcoa ndi U.S. Steel, nabamo zinsinsi zamalonda. Maina ao ndi zithunzi zao zinasindikizidwa. Komabe m'mitu yambiri ya nkhani za m'Cingerezi, amuna asanu odziwika mainawo anangochedwa "Chinese hackers", kutanthauza othyola makompyuta a Cichaina.

Mau akuti "Chinese" amanyamula zinthu zitatu nthawi imodzi: boma la ku Beijing, nzika ya dziko la China, ndiponso munthu aliyense amene makolo ake anacokera kumeneko, ngakhale iye anabadwira ku San Francisco kapena ku Singapore. Eni ake amasiyanitsa: nzika amati Zhongguo ren, pamene munthu wa mtunduwo wokhala kulikonse amati Huaren. Pepala lino silikufuna kuweruza ngati boma la China linathyoladi makompyuta kapena ai. Colinga cake ndi kulondola mbiri ya kusakanizika kwa matanthauzo atatuwa m'zolemba za Kumadzulo, kuonetsa amene anavulala nako, ndi kufunsa zimene womasulira nkhani m'Cinyanja ayenera kucita akakumana ndi mauwa.

2.0 Mlendo wa Manja Ambiri

Anthu a ku China anayamba kufika ambiri ku California golide atapezeka kumeneko mu 1848. Ndiwo anali oculuka mwa anchito amene anaboola mapiri a Sierra Nevada pomanga njanji ya Central Pacific, imene inatha mu 1869. Nchito itayamba kusowa m'zaka za m'ma 1870, mlendo amene dzulo anayamikiridwa cifukwa ca khama lake anasanduka wolanda eni dziko nchito. Mu 1882 magazini ya The Wasp ya ku San Francisco inajambula munthu wa ku China ali ndi manja ambirimbiri, akusoka, akucapa ndi kupanga nsapato nthawi imodzi, anyamata acizungu atangoima panja opanda cocita. Mu 1886 magazini ya The Bulletin ya ku Sydney inamujambula ngati cilombo ca m'nyanja cokhala ndi mikono isanu ndi itatu, mkono uliwonse utakulunga mbali ina ya moyo wa dziko la Australia.

Zotsatira zake zinaoneka m'malamulo ndi m'mwazi. Mu 1882 pulezidenti Chester Arthur anasaina lamulo la Chinese Exclusion Act, loletsa anchito a ku China kulowa m'America ndiponso kumana amene analimo kale ufulu wokhala nzika. Lamulolo linafafanizidwa mu 1943. Mu Seputembala 1885, ku Rock Springs m'cigawo ca Wyoming, anchito a m'migodi a ku China osacepera 28 anaphedwa ndi anchito anzao acizungu. Ku Ulaya nako, m'zaka za m'ma 1890, kunachuka mau akuti "Yellow Peril", ndiko kuti ngozi yacikasu, makamaka mfumu Wilhelm II ya Germany italamula mu 1895 kuti pajambulidwe cithunzi cocenjeza mitundu ya ku Ulaya za coopsa cocokera kum'mawa.

M'zithunzi zoyambazi muli mfundo zitatu zimene tidzazionanso kutsogoloku. Yoyamba, munthu wa ku China saoneka ngati munthu mmodzi wokhala ndi dzina, koma ngati khamu. Yaciwiri, nchito zake n'zobisika ndipo zimafika paliponse. Yacitatu, ngakhale akhale zaka zingati m'dziko lacilendo, mtima wake amati uli kwao.

3.0 Mlendo Wophunzira

Mu 1913 mlembi wa ku England, Sax Rohmer, anatulutsa buku loyamba lonena za Dr. Fu Manchu. Apa cithunzi cinasintha. Mdani uja tsopano anali katswiri wa sayansi, wodziwa mankhwala ndi zinenero zambiri, wotsogolera gulu lacinsinsi kucokera m'zipinda zobisika za mu London. Mabuku ndi makanema a Fu Manchu, monga ya mu 1932 imene Boris Karloff anasewera, anazoloweretsa owerenga kuganiza kuti maphunziro a munthu wa ku China ndi cida cimene tsiku lina adzalasa naco amene anamuphunzitsa.

Maganizo amenewa anagwera anthu enieni. Qian Xuesen, mmodzi mwa amene anayambitsa Jet Propulsion Laboratory ku California, analandidwa cilolezo coona zinsinsi za boma mu 1950 pomuganizira kuti ndi wacikomyunizimu. Anasungidwa moyang'aniridwa zaka zisanu, ndipo mu 1955 anabwerera ku China, kumene anakatsogolera nchito yopanga mizinga ya dzikolo.

Nkhani yoonetsa bwino kwambiri mbali ya atolankhani ndi ya Wen Ho Lee. Iye anabadwira ku Taiwan, anakhala nzika ya America mu 1974, ndipo ankagwira nchito ku Los Alamos, kumene amafufuza za zida za nyukiliya. Pa 6 Marichi 1999 nyuzipepala ya The New York Times inalemba kuti dziko la China linaba mapulani a bomba la America, ndipo kuti woganiziridwa anali wasayansi wa ku Los Alamos wa mtundu wa Cichaina. Patangopita masiku awiri Lee anacotsedwa nchito. Mu Disembala caka comweco anamangidwa pa milandu 59 ndipo anatsekeredwa m'cipinda cayekha miyezi isanu ndi inai. Palibe mlandu ngakhale umodzi mwa imeneyo umene unali waukazitape. Mu Seputembala 2000 anavomera mlandu umodzi wokha, wosasunga bwino zikalata zacinsinsi, ina yonse 58 n'kuthetsedwa. Woweruza James Parker anamupepesa m'bwalo la milandu cifukwa ca mmene boma linamusungira. M'mwezi womwewo The New York Times inasindikiza mau ovomereza kuti panali zopereweza m'kalembedwe kake ka nkhaniyo. Mu 2006 boma linalipira Lee madola 895,000, ndipo makampani asanu ofalitsa nkhani anaonjezerapo madola 750,000 kuti mlandu umene iye anasuma uthe.

Lee anali ndi colakwa cake, ndipo anacivomera. Cimene ciyenera kutidabwitsa n'cakuti munthu wobadwira ku Taiwan, cisumbu cimene cili pa mkangano ndi Beijing kuyambira 1949, anaoneka msanga ngati kazitape wa Beijing. Mau amodzi aja anali atagwirizanitsa kale mtundu wake ndi boma limene iye sanakhalepo nzika yake.

4.0 Nyengo ya Makompyuta

Milandu yothyola makompyuta siyenera kuonedwa ngati nthano cabe. Mu Januwale 2010 kampani ya Google inalengeza kuti makompyuta ake anathyoledwa kucokera ku China. Mu Febuluwale 2013 kampani ya Mandiant inatulutsa lipoti lolondola kuthyola kwa zaka zambiri mpaka ku gulu la asilikali lochedwa Unit 61398 ku Shanghai, ndipo lipotilo linachula mabungwe 141 amene anaberedwa. Mu 2015 kunaululika kuti zikalata za anthu pafupifupi 21.5 miliyoni zinabedwa ku ofesi yoyang'anira anchito a boma la America, ndipo akuluakulu a kumeneko analoza cala ku China. Mu Julayi 2021 America, Britain, European Union ndi NATO anadzudzula China pa kuthyola kwa Microsoft Exchange. Boma la China lakhala likukana milanduyi, likumati nalonso limathyoleredwa. Pa mfundo yomalizayi linapeza mboni mu Juni 2013, pamene Edward Snowden anaulula ali ku Hong Kong kuti bungwe laukazitape la America, National Security Agency, linalowa m'makompyuta a yunivesite ya Tsinghua.

Conco pali nkhani yeniyeni ya maboma ozondana. Funso lathu ndi la mau amene nkhaniyo imafotokozedwa nao. Wothyola kompyuta saoneka nkhope, amagwira nchito kutali ndi mobisa, ndipo amafika m'maofesi ambiri nthawi imodzi. Mtolankhani wofuna cithunzi ca munthu wotere anapeza cakale cija cili cikonzere: khamu lopanda maina, mikono yofika paliponse, nzeru zobisika. Maina amene makampani oteteza makompyuta amapatsa magulu othyola amathandizira zomwezo. CrowdStrike imacha magulu a ku China ndi dzina la nyama ya panda, a ku Russia ndi la cimbalangondo. Microsoft, kuyambira mu Epulo 2023, imacha a ku China ndi dzina la namondwe wa m'nyanja za kum'mawa kwa Asia, monga Volt Typhoon. Mainawa amathandiza akatswiri pa nchito yao, koma akafika m'nyuzipepala wowerenga amaona cizindikiro ca dziko lonse m'malo mwa ofesi imodzi ya boma.

Kusakaniza kumeneku kunafika pacimake mu Febuluwale 2018, pamene mkulu wa FBI, Christopher Wray, anauza aphungu kuti ciopsezo ca China sicicokera ku boma lokha koma ku mbali zonse za anthu a dzikolo, nachula ophunzira ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Zizindikiro zinali zitaoneka kale. Sherry Chen, katswiri wa za madzi m'boma la America, anamangidwa mu Okutobala 2014, mlandu n'kuthetsedwa mu Marichi 2015. Profesa Xiaoxing Xi wa pa Temple University anamangidwa kunyumba kwake mu Meyi 2015 pomuganizira kuti anatumiza ku China mapulani a cipangizo cina cacinsinsi. Mu Seputembala mlandu unagwa, akatswiri ataonetsa kuti mapulaniwo anali a cipangizo cina. Onse awiri anali nzika za America. Mu Novembala 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko ya China Initiative, imene inathetsedwa mu Febuluwale 2022. Pano tiyenera kunena cilungamo: atolankhani a Kumadzulo omwewo ndiwo anavumbula zolakwazi. Mu Disembala 2021 magazini ya MIT Technology Review inapeza kuti pafupifupi anthu asanu ndi anai mwa khumi alionse oimbidwa mlandu m'ndondomekoyo anali a mtundu wa Cichaina, ndiponso kuti milandu yambiri sinali yaukazitape.

5.0 Womasulira wa Cinyanja

Nkhanizi zimafika kwathu kudzera m'Cingerezi, ndipo zina zimatikhudza ife eni. Mu Januwale 2018 nyuzipepala ya Le Monde inalemba kuti makompyuta a likulu la African Union ku Addis Ababa, limene China inamanga, ankatumiza zikalata ku Shanghai usiku. China ndi akuluakulu a bungwelo anakana. Mu Ogasiti 2019 The Wall Street Journal inalemba kuti anchito a Huawei anathandiza maboma a Uganda ndi Zambia kuzonda otsutsa. Huawei inakana, ndipo boma la Zambia linakananso. M'dziko limene njanji ya TAZARA inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo lero muli anthu a ku China m'migodi, m'mafamu ndi m'masitolo, mau amene wailesi isankha angafike pa khomo la munthu weniweni.

Cinyanja cili ndi mwai umene Cingerezi cilibe pano. Palibe mau amodzi amene tingamasulire nao "Chinese" nthawi zonse, motero womasulira amakakamizika kusankha. Angathe kunena kuti "boma la China", "asilikali a China", "anthu a ku China", "nzika ya America imene makolo ake anacokera ku China", kapena "Machaina". Dzina lomalizali ndi la m'gulu la maina oyamba ndi ma-. Mphatikiri ameneyu pa yekha sanyoza, pakuti timati mafumu ndi madokotala. Koma pa maina a mitundu, monga Mabunu ndi Majeremani, amaika anthu pa mulu umodzi ndi kuwaonera patali, mosiyana ndi a- wa mu Acewa, Angoni ndi Ansenga. Womasulira akanena kuti "Machaina athyola makompyuta", waonjezera mlandu umene mwina sunalimo m'nkhani yoyambayo, ndipo wasenzetsa wogulitsa m'sitolo ku Kamwala katundu wa Unit 61398.

Kwa aphunzitsi a kumasulira, pepala lino likupereka mafunso atatu oti ophunzira azidzifunsa. Kodi woimbidwa mlandu ndi boma, kampani, kapena munthu? Kodi woimba mlanduyo ndani, ndipo woimbidwayo wayankha kuti ciani? Kodi nkhaniyo yatsimikizidwa m'bwalo la milandu, kapena ikali pa "akuti"? Mau akuti "akuti" ndi cuma ca cinenero cathu, ndipo sayenera kutayidwa pofuna kufupikitsa mutu wa nkhani.

6.0 Mau Otsiriza

Taona kuti cithunzi ca munthu wa ku China ngati khamu lobisika ndi lanzeru zoopsa cinalipo zaka zambiri makompyuta asanalumikizidwe pa intaneti. Milandu yothyola makompyuta inacipeza cilipo, ndipo inacipatsa moyo watsopano. Ina mwa milanduyo ili ndi umboni wolemera, ndipo boma lililonse lozonda anzake liyenera kuchulidwa dzina. Makolo athu anati ikaola imodzi zaola zonse, koma mwambiwu ndi wocenjeza munthu kuti asaipitse mbiri ya anzake. Bwalo la mfumu silinkaweruza mudzi wonse pa mbuzi imene anaba munthu mmodzi. Wen Ho Lee anakhala miyezi isanu ndi inai m'cipinda cayekha kusiyana kumeneku kusanakumbukiridwe. Womasulira wa Cinyanja ali ndi mau okwanira osiyanitsira boma, nzika ndi mtundu, ndipo udindo wa madipatimenti athu ndi kumuphunzitsa kuwagwiritsa nchito.